Kodi malamulo a mapulani ndiwo akukweza mtengo wa nyumba m'mizinda?

Boma lomwe lidalowa ku Britain m'chaka cha 2024 motsogozedwa ndi Keir Starmer lidalonjeza kuti pomatha zaka zisanu, ku England kukhale kutamangidwa nyumba zatsopano zokwana 1.5 miliyoni. Imodzi mwa ntchito zoyamba zomwe bomalo lidagwira pofuna kukwaniritsa lonjezoli idali yosintha malamulo onena za malo omwe munthu angamangepo komanso mtundu wa nyumba yomwe angamange. Potero, atsogoleri a dzikolo adavomereza zomwe akatswiri ena a zachuma akhala akunena kwa zaka zambiri, zoti nyumba zimadula chifukwa chilolezo chomangira chimasowa kuposa njerwa ndi simenti.

Mtsutso umenewu ukukhudzanso Amalawi. Malamulo a mapulani a mizinda omwe akugwira ntchito m'dziko muno mizu yake ili ku Britain komweko, ndipo aliyense amene amapereka lendi mwezi ukatha ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi ali nalo gawo pa funso ili: boma litamasula zingwe n'kusiyira msika ntchito yomanga, nyumba zingatsike mtengo?

Mtengo wa nyumba umabisala m'dothi

Mtengo wa nyumba uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya zipangizo ndi amisiri: simenti, malata, matabwa, zitsulo ndi malipiro a omanga. Mbali yachiwiri ndi ya malo pomwe nyumbayo yakhala. Thumba la simenti silisiyana mtengo kwambiri pakati pa dera lina ndi linzake mumzinda umodzi, koma poloti ya pafupi ndi ntchito, msika ndi sukulu imadula kutalitali kuposa ya kunja kwa mzinda. Mumizinda yomwe nyumba zakwera mtengo koposa, chomwe chakwera kwenikweni ndi malo.

Apa ndipo pamalowera malamulo a mapulani. Malamulowa amanena kukula kwa poloti yaing'ono yomwe ingaloledwe, chiwerengero cha nyumba pa poloti imodzi, kutalika kwa nyumba yosanja, mpata wosiya pakati pa khoma ndi msewu, ndiponso madera omwe sayenera kumangidwa konse. Lamulo lililonse mwa amenewa limachepetsa kapena kuchulukitsa mabanja omwe angagawane mtengo wa malo amodzi.

Masamu ake ndi osavuta. Hekitala imodzi ili ndi masikweya mita 10,000. Tinene kuti misewu ndi ngalande zatenga 3,000, ndipo patsala 7,000. Lamulo likati poloti isachepere masikweya mita 1,000, pamalopo pakhala mabanja 7. Likalola mapoloti a masikweya mita 200, pakhala mabanja 35. Mtengo wa malowo, wa msewu ndi wa paipi ya madzi ukagawidwa kwa mabanja 35, aliyense amasenza kachigawo kochepa. Ukagawidwa kwa mabanja 7, osauka amagwa m'njira mpikisano usadayambe.

Momwe England idadzimangira manja

M'zaka za m'ma 1930, makampani ndi anthu wamba ku Britain ankamanga nyumba zoposa 200,000 pachaka, ndipo mizinda monga London inkafutukuka mofulumira kulowa m'minda. Izi zidadetsa nkhawa anthu omwe ankaopa kuti dziko lonse lisanduka tauni imodzi yopanda malire. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Town and Country Planning Act la 1947. Kuyambira pamenepo, kukhala mwini malo sikudapatsenso munthu ufulu womangapo. Aliyense adayenera kupempha chilolezo kukhonsolo, ndipo khonsolo idapatsidwa mphamvu yolola kapena kukana pempho lililonse palokhapalokha.

M'chaka cha 1955 nduna yoona za nyumba, Duncan Sandys, idalimbikitsa makhonsolo kuzinga mizinda ndi malo osamangidwa, omwe kumeneko amawatcha green belt, ngati lamba wobiriwira womanga mzinda m'chiuno. Lero malo oterewa ndi okwana pafupifupi mahekitala 1.6 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo 8 a England yense. Mzinda ukaletsedwa kufutukuka m'mbali, pomwenso malamulo ena akuuletsa kukwera m'mwamba, anthu amangopikisana pa nyumba zomwe zilipo kale.

Zotsatira zake zimaoneka m'ziwerengero za boma la dzikolo. M'chaka cha 1997, nyumba ya mtengo wapakati ku England inkafanana ndi malipiro a zaka zitatu ndi theka a munthu wolandira malipiro apakati. M'zaka zaposachedwa yakhala ikufanana ndi malipiro a zaka pafupifupi 8, ndipo mu London ndi a zaka zoposa 11. Munda ukangolandira chilolezo chomangapo nyumba, mtengo wake umawirikiza kambirimbiri, m'madera ena mpaka ka 100, dothi lake lili lomwe lija. Chomwe wogula amalipira pamenepo ndi pepala la chilolezo.

Palinso nkhani ya amene ali ndi mawu pamene chilolezo chikukambidwa. Eni nyumba za m'deralo amafika kumisonkhano ya khonsolo, amavota, ndipo amadziwa kuti nyumba zikachuluka mtengo wa zawo sukwera monga kale. Wachinyamata amene akadakhala m'nyumba yatsopanoyo sakhalako kumsonkhanoko, chifukwa sadakhale nzika ya deralo. Motero makhansala amamva kwambiri mawu a okana kuposa a ofuna pogona.

Zomwe okhulupirira msika amanena

Okhulupirira msika womasuka amati nyumba ndi katundu ngati wina aliyense: akachepa pamsika amadula, akachuluka amatsika. Iwo amapempha zinthu zitatu. Choyamba, malamulo alembedwe momveka bwino kuti aliyense wowatsata alandire chilolezo popanda kudikira chifundo cha komiti. Chachiwiri, mapoloti ang'onoang'ono ndi nyumba zosanja ziloledwe, makamaka pafupi ndi misewu ikuluikulu ndi malo a ntchito. Chachitatu, malo atsopano atsegulidwe mzinda ukamakula. Iwo amatinso ngakhale nyumba zatsopano zikhale zodula, zimathandizabe osauka, chifukwa wolemera akasamukira m'nyumba yatsopano amasiya yakale, yomwe wina wopeza pang'ono amalowamo, ndipo mndandanda umapitirira choncho mpaka pansi.

Maganizo amenewa adayesedwa mumzinda wa Auckland, waukulu koposa ku New Zealand, dziko lomwenso lidali pansi pa Britain ndipo lidali ndi vuto lofanana la nyumba zodula. M'chaka cha 2016 khonsolo ya mzindawo idasintha mapulani ake ndi kulola nyumba zothithikana komanso zosanja pa magawo atatu mwa magawo anayi a malo okhala anthu. Poloti yomwe kale inkaloledwa nyumba imodzi idayamba kunyamula nyumba zingapo zogundizana. Kafukufuku wa Ryan Greenaway-McGrevy ndi Peter Phillips a pa yunivesite ya Auckland adapeza kuti m'zaka zisanu zotsatira, kusinthaku kudaonjezera zilolezo za nyumba zoposa 20,000 pamwamba pa zomwe zikadaperekedwa malamulo akadakhala akale. Lendi sidagwe pansi, koma idakwera pang'onopang'ono poyerekeza ndi mizinda ina ya m'dzikolo.

Chitsanzo china chomwe amakonda kutchula ndi mzinda wa Houston ku America. Anthu a mumzindawu adakana katatu pa voti, mu 1948, 1962 ndi 1993, lamulo logawa mzinda m'zigawo za nyumba, za malonda ndi za mafakitale. M'chaka cha 1998 khonsolo idachepetsa poloti yaing'ono yololedwa pakati pa mzinda kuchoka pa masikweya mita pafupifupi 465 kufika pa 130, ndipo mu 2013 idafutukula chilolezochi kumadera ena a mzinda. Nyumba zing'onozing'ono masauzande ambiri zidamangidwa, ndipo mpaka lero nyumba ku Houston ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi za ku San Francisco kapena New York.

Pomwe msika umalekezera

Otsutsa nawo ali ndi mfundo zolemera. Yoyamba ndi ya mbiri ya Britain yomweyo. M'chaka cha 1953, lamulo la 1947 lili kale pantchito, dzikolo lidamanga nyumba zoposa 300,000, ndipo zambiri mwa izo zidamangidwa ndi makhonsolo. Chiwerengero chidatsika kwambiri boma litasiya kumanga. Kuyambira mu 1980, boma la Margaret Thatcher lidalola okhala m'nyumba za makhonsolo kuzigula motsika mtengo. Nyumba pafupifupi 2 miliyoni zidagulitsidwa ku England, koma zolowa m'malo mwake zidamangidwa zochepa. Malinga ndi otsutsawa, dzenje lomwe likuoneka lero lidakumbidwa ndi kuchoka kwa boma pantchito yomanga.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti kampani yomanga nyumba ilibe chifukwa chogwetsera mtengo wa katundu wake. Kauniuni yemwe Oliver Letwin adachitira boma la Britain mu 2018 adapeza kuti makampani akuluakulu, ngakhale ali ndi zilolezo m'manja, amamanga pa liwiro lomwe msika ungagule popanda mtengo kutsika. Chilolezo pachokha sichiimika khoma.

Mfundo yachitatu ndi yakuti pali mabanja omwe ndalama zawo sizingakwane ngakhale nyumba yotsikitsitsa yomwe kampani ingamange ndi kupezapo phindu. Dziko la Singapore lidatsata njira ina. Boma lidakhazikitsa bungwe lomanga nyumba mu 1960, lidatenga malo ambiri kukhala a boma, ndipo lero anthu pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse amakhala m'nyumba zomangidwa ndi bungwelo. Komabe, Singapore ndi Auckland zikugwirizana pa chinthu chimodzi: konseko vuto lidachepa chifukwa nyumba zambiri zidamangidwa pa malo ochepa. Kusiyana kwagona pa amene adagwira chipande cha womanga.

Houston nayo idalipira mtengo wake. Namondwe wa Harvey atawomba mu 2017, nyumba masauzande zomwe zidamangidwa m'malo osungira madzi osefukira zidamizidwa. Eni ake ambiri sankadziwa kuti akukhala m'njira ya madzi.

Lilongwe: mzinda wa papulani ndi mzinda wa anthu

Malamulo a mapulani a matauni adafika m'dziko muno ndi atsamunda. Lamulo lomwe nyumba ya malamulo idakhazikitsa mu 1988 lidatenga ngakhale dzina la lamulo la ku England lija, Town and Country Planning Act, pamodzi ndi mfundo yake yaikulu yakuti womanga ayambe wapempha chilolezo. Mu 2016 lidalowedwa m'malo ndi Physical Planning Act, lomwe lidafutukula ulamuliro wa mapulani kufika m'dziko lonse.

Mzinda wa Lilongwe ndiwo umaonetsa bwino cholowa chimenechi. Bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, ndipo boma lidasamuka ku Zomba mu 1975. Pulani yake idatsata maganizo a ku Britain a mzinda wa m'mitengo, wa madera otalikirana olekanitsidwa ndi tchire. Kumayadi monga Area 10, 12 ndi 43 kudadulidwa mapoloti aakulu pafupi ndi maofesi a boma, pomwe opeza pang'ono adaikidwa kumadera monga Area 25, makilomita ambiri kuchokera pakati pa mzinda. Mtunda umenewo wogwira ntchito amaulipira m'minibasi m'mawa ndi madzulo, ndipo ndalamayo ndi lendi yachiwiri yomwe mwini nyumba saiona.

Pakalembera wa 1977, Lilongwe idali ndi anthu osakwana 100,000. Pakalembera wa 2018 adakwana 989,000, pomwe Blantyre idali ndi 800,000 ndipo Mzuzu 221,000. Anthu adawirikiza kakhumi m'zaka 41, koma mapoloti ovomerezeka sadachuluke pa liwiro lomwelo. Ku England chilolezo chikasowa nyumba sizimangidwa, ndipo mtengo umakwera. Kuno chilolezo chikasowa anthu amamangabe, koma kunja kwa lamulo. Mtandire adamera pambali pa Area 47, Kauma pafupi ndi Area 12, Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Madera amenewa ali pomwe ali chifukwa anthu adatsata ntchito. Lero oposa theka la okhala m'mizinda ya dziko lino ali m'madera osakonzedwa ngati amenewa.

Tinganene kuti msika womasuka wa nyumba ulipo kale m'mizinda ya dziko lino, ndipo ndiwo ukugoneka anthu ambiri. Malo amagulidwa kudzera kwa mafumu ndi madobadoba, nyumba imamangidwa chipinda chimodzi chimodzi ndalama zikapezeka, ndipo mdadada wa zipinda za lendi umaimikidwa kuseri kwa nyumba yaikulu. Msika umenewu ndi wachangu ndiponso wotsika mtengo, koma zomwe sungathe zimaoneka ndi maso. Susiya mpata wa msewu woti ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto idutse. Sukumba ngalande. Chimbudzi chimayandikana ndi chitsime. Wogula alibe chikalata chomwe banki ingalandire ngati chikole, ndipo poloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu awiri.

Njira yovomerezeka nayo ili ndi minga yake. Malo a mumzinda ali m'manja mwa unduna wa zamalo, khonsolo ya mzinda ndi bungwe la Malawi Housing Corporation lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo lililonse lili ndi ndondomeko yake. Wofuna kumanga motsata lamulo ayenera kupeza poloti, kulipira woyeza malo, kulembetsa lizi, kujambulitsa pulani ndi kudikira komiti ya mapulani. Sitepe iliyonse imadya ndalama ndi nthawi, ndipo paliponse pomwe pali mzere wautali pamamera ziphuphu. Nthawi yodikirayo imadula kwambiri m'dziko lomwe ndalama ikugwa mphamvu. Kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 banki yaikulu idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Ndalama yomwe ikadakwana malata chaka chino, chaka chamawa singakwane. Pa chiwongoladzanja chotere, ngongole yogulira nyumba ndi ya anthu owerengeka, ndipo limeneli ndi vuto lomwe kusintha malamulo a mapulani pakokha sikungathetse.

Madzi saiwala khwawa

Amene angaganize kuti yankho ndi kuchotsa malamulo onse akumbukire mwezi wa Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, mazana ena osapezeka mpaka lero. Ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, matope ndi miyala zidatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche usiku ndi kukwirira nyumba zomwe zidamangidwa m'mphepete mwa phirilo ndi m'makwawa ake. Malo ambiri mwa amenewo sadali oyenera kumangidwa, ndipo malamulo oletsa adalipo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa.

Koma funso lomwe ngoziyi idasiya ndi lakuti anthuwo adakwereranji phiri. Munthu samanga pamalo otsetsereka chifukwa chokonda ngozi. Amamangapo chifukwa malo abwino a pafupi ndi ntchito ndi odula kapena ndi otsekedwa. Lamulo loletsa kumanga m'phiri limagwira ntchito pokhapokha ngati pansi pa phiripo pali malo ololedwa omwe munthu wamba angakwanitse. Kugumula nyumba popanda kutsegula malo ena kumangosamutsa vuto kuchoka paphiri lina kupita pa lina.

Phunziro lochokera ku England, Auckland ndi Chilobwe ndi lakuti malamulo a mapulani sali a mtundu umodzi. Ena amateteza moyo: oletsa kumanga m'khwawa, m'dambo ndi pansi pa nthambo za magetsi, osunga mpata wa msewu, otalikitsa chimbudzi ndi madzi akumwa. Ena amangoteteza maonekedwe ndi mtengo wa nyumba za omwe adafika kale: poloti yaikulu mokakamiza, nyumba imodzi pa poloti, kuletsa zosanja m'madera omwe ali kale ndi tala, madzi ndi magetsi. Mzinda womwe umaumirira malamulo a mtundu wachiwiri umathamangitsira anthu kumalo komwe ngakhale a mtundu woyamba satsatidwa.

Njira yomwe dziko lino lidayesapo kale

Pali njira yapakati yomwe si yachilendo kuno. Madera monga Kawale ndi Area 23 ku Lilongwe, kapena Zingwangwa ndi Bangwe ku Blantyre, adayamba ngati malo omwe boma lidayeza mapoloti, kulambula misewu ndi kufikitsa madzi, kenako n'kulola munthu kumanga ndi zomwe ali nazo, ngakhale zidina, ndi kumakonza nyumba yake pang'onopang'ono. Boma lidagwira ntchito yomwe msika sungathe, yoika misewu ndi malire anthu asadafike, ndipo lidasiyira anthu ntchito yomwe iwo amaitha bwino, yomanga. Ndondomekoyi idafooka pamene mapoloti atsopano adasiya kudulidwa pa liwiro la kukula kwa mizinda.

Kuyeza msewu pa tchire kumafuna ndalama zochepa. Kuutsegula pakati pa nyumba zomangidwa kale kumafuna chipukutamisozi, milandu kukhoti ndi misozi ya ogumulidwa. Pakalembera wa 2018, Amalawi 16 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankakhala m'matauni, kutanthauza kuti gawo lalikulu la mizinda ya mawa silidamangidwe. Minda ya m'mphepete mwa Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba ikugulitsidwa chidutswa chidutswa tsiku lililonse. Ngati makhonsolo afikako msanga ndi zikhomo za misewu, mapoloti ang'onoang'ono ndi chilolezo chosachedwa, mabanja omwe akubwera adzapeza pokhala povomerezeka pa mtengo womwe angathe. Akachedwa, adzapeza nyumba zitaima kale, ndipo ntchito yotsala idzakhala yolemba zizindikiro zofiira pamakoma.